Luso losokoneza makiyibodi akale kuti alire mwachilendo

M'chaka cha 1985, kampani ya Casio ya ku Japan idatulutsa kiyibodi yaing'ono yotchedwa SK-1. Idali ndi makiyi 32 ang'onoang'ono, sipika imodzi ndi maikolofoni, ndipo inkayendera mabatire asanu. Chomwe chidaitchukitsa n'chakuti inkatha kujambula liwu lililonse kwa nthawi yosakwana masekondi awiri, kenaka n'kumaliimba mokwera kapena motsika malinga ndi kiyi imene munthu wadina. Idapangidwira m'makomo, ndipo oimba odziwa ntchito ankaiyesa choseweretsa cha ana.

Patapita zaka pafupifupi 40, kiyibodi yomweyo ikufunidwabe ku America, ku Ulaya ndi ku Japan, koma ambiri mwa oifunawo alibe cholinga choiimba monga momwe idachokera kufakitale. Akaigula amaimasula, kulumikiza mawaya pamalo pamene opanga sadalumikize, kuboola chivundikiro chake ndi kuikapo maswichi atsopano. Ikatsekedwanso, kiyi imene kale inkalira ngati piyano imatha kulira ngati khasu lonoledwa pamwala, ngati matalala padenga lamalata, kapena ngati munthu wachibwibwi amene wakodwa pa liwu limodzi.

Luso limeneli pa Chingerezi limatchedwa circuit bending, kutanthauza kupinda njira zimene magetsi amadutsa m'kati mwa chipangizo. Kunena mwachidule, ndi kuchititsa shoti mwadala, koma shoti yosankhidwa ndi khutu. Lusoli lili ndi mbiri, mabuku ndi malamulo ake. Lilinso ndi vuto lake lalikulu: limadalira makiyibodi amene adapangidwa m'nyengo imodzi yokha, ndipo iliyonse imene yafera patebulo la mmisiri sidzapangidwanso.

Shoti ya m'dirowa

Amene amadziwika kuti ndiye tate wa lusoli ndi Reed Ghazala, wa mumzinda wa Cincinnati, m'chigawo cha Ohio ku America, yemwe adabadwa mu 1953. M'zaka za m'ma 1960, akadali mnyamata wapasukulu, adasiya kachipangizo kokuzira mawu koyendera batire m'dirowa ya tebulo lake. Kachipangizoko kadakhudzana ndi chitsulo china chimene chidali m'dirowamo, kadachita shoti n'kuyamba kulira mokwera ndi motsika ngati makina oimbira amene akatswiri amati synthesizer. Panthawiyo makina otere, monga a Robert Moog, ankagulidwa madola zikwizikwi ndipo ankapezeka m'mayunivesite ndi m'masitudiyo akuluakulu okha. Mnyamatayo adaona kuti ngati ngozi yatha kutulutsa kamvekedwe kotero, munthu angathe kuibwereza ngoziyo mwadala ndi kuimangira swichi.

Adachita zimenezi kwa zaka zoposa 20 lusoli lisanakhale ndi dzina. Mawu akuti circuit bending adayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1992, m'nkhani zimene ankalemba m'magazini ya Experimental Musical Instruments, yomwe mkonzi wake adali Bart Hopkin wa ku California. Mu 2005 adatulutsa buku lotchedwa Circuit-Bending: Build Your Own Alien Instruments. Chiphunzitso chake chachikulu chidali chakuti munthu sayenera kudikira digiri ya zamagetsi kuti ayambe, chifukwa chimene chikufunika ndi khutu, waya ndi kudekha.

Ghazala sadali yekha. Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, Michel Waisvisz ankagwira ndi zala m'kati mwa zipangizo zamagetsi kuti amve mmene zisinthire kulira. Cha m'ma 1975, mothandizidwa ndi bungwe la STEIM, adatulutsa kabokosi kathabwa kotchedwa Kraakdoos, komwe kamalira pokhapokha munthu akaika zala pa tizitsulo tapamwamba pake. Mu 2006, Nicolas Collins, mphunzitsi wa ku School of the Art Institute of Chicago, adasindikiza buku la Handmade Electronic Music, lomwe lidalowetsa lusoli m'makalasi a sukulu zaukachenjede.

Zomwe zili m'mimba mwa kiyibodi

Kuti munthu amvetse chifukwa chake waya mmodzi amasintha kamvekedwe, ayenera kudziwa kaye zimene zimachitika akadina kiyi. Kiyibodi ya m'zaka za m'ma 1980 ikatsegulidwa, pamaoneka bolodi lobiriwira kapena lofiirira, lokhala ndi timizere ta mkuwa tonga misewu. Pabolodipo pamakhala tizipangizo takuda ta miyendo yambiri, timene okonza mawailesi amati ma IC, pamodzi ndi ma resistor amene amachepetsa magetsi odutsa, ndi ma capacitor amene amasunga magetsi kwa kanthawi.

Ntchito imagawidwa chonchi. IC imodzi ndi kapitawo: imaona kiyi imene yadinidwa n'kulamula. Ina ndi nkhokwe: imasunga kamvekedwe ka piyano, ka chitoliro kapena ka ng'oma m'manambala. Kapitawo akafuna liwu amatumiza nambala ya chipinda cha m'nkhokwemo, nkhokwe imabweza zimene zili m'chipindamo, ndipo gawo lina limasandutsa manambalawo kukhala magetsi ogwedeza sipika. Zonsezi zimayendera mlingo wa kachipangizo kotchedwa clock, komwe kamagunda kambirimbiri pa sekondi ngati ng'oma yotsogolera gule. Ng'omayo ikafulumira, ovina onse amafulumira.

SK-1 ikamajambula liwu, imaliyeza maulendo 9,380 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse umakhala nambala imodzi mwa manambala 256. Kujambula konse, kwa masekondi 1.4, kumakwana manambala pafupifupi 13,000. Poyerekeza, CD imayeza maulendo 44,100 pa sekondi ndipo imasankha pakati pa manambala 65,536. N'chifukwa chake liwu la SK-1 limamveka lokhakhala, ngati lili ndi mchenga. Opanga ankaona kukhakhalako ngati mtengo wolipira kuti kiyibodi itchipe, koma oimba ena lero amaigulira kukhakhala komweko.

Mmene mmisiri amafufuzira

Ntchito imayamba ndi kuika mabatire atsopano, kumasula zomangira zakumbuyo ndi kuyala kiyibodi chafufumimba, bolodi lili poyera. Mmisiri amayatsa kiyibodiyo n'kuisiya ikulira, kaya poyambitsa nyimbo yachitsanzo imene idabwera nayo kapena potsamiritsa kanthu kolemera pa kiyi imodzi. Kenaka amatenga waya wokhala ndi kopanira mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi amaipanitsa pamwendo umodzi wa IC, ndipo ndi mbali inayo amakhudza miyendo ina umodziumodzi, khutu lili tcheru.

Malo ambiri sachita kanthu. Ena amazimitsa kiyibodi, moti pamafunika kuchotsa mabatire ndi kuwabwezera kuti idzuke. Koma mwa apo ndi apo liwu limasanduka: piyano imang'ambika, ng'oma zimagundana, nyimbo imalumpha n'kubwerera pamalo amodzi. Pamenepo mmisiri amalemba malo awiriwo pachithunzi cha bolodi chimene adajambula asanayambe. Ntchito imeneyi imatha kudya madzulo angapo, ndipo apa mpomwe mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito.

Akasankha malo amene amukomera, amawotcherera mawaya ndi mtovu, kuwapititsa ku maswichi, ndi kuboola chivundikiro kuti maswichiwo atulukire kunja. Malo akachuluka, amaika mzere wa timabowo tolowetsamo mawaya, kuti woimba azitha kulumikiza malo alionse awiri ali pasiteji. Ambiri amawonjezeranso batani lodula magetsi kwa kamphindi, kuti kiyibodi ikakomoka pakati pa nyimbo aidzutse osatsegula mosungira mabatire.

Njira zimene zimabala zipatso

Ngakhale lusoli limatamanda mwayi, zaka zasonyeza kuti pali njira zingapo zimene kawirikawiri sizigwiritsa mwala.

Yoyamba ndi kusintha liwiro la clock. M'zoseweretsa zambiri ndi makiyibodi otchipa, liwiroli limadalira resistor imodzi. Mmisiri akaichotsa n'kuikapo yopotokola, yonga ija yokwezera ndi kutsitsira wailesi, amakhala ndi ulamuliro pa kukwera kwa liwu la chipangizo chonse. Liwiro likawirikiza kawiri, liwu logwedezeka maulendo 440 pa sekondi limafika pa 880, mtunda umene oimba kwaya amaudziwa ngati kuchoka pa doh wapansi kufika pa doh wapamwamba. Likachepa ndi theka, liwu limatsika chimodzimodzi, ndipo likachepetsedwa kwambiri nyimbo imasanduka kubuula kotalika. Aliyense amene adamvapo kaseti ikulira mabatire atafooka akudziwa kamvekedwe kake. Makiyibodi ena amatenga liwiro lawo ku kachipangizo kotchedwa crystal, komwe sikasinthika mwanjira imeneyi, ndipo pamafunika kukachotsa n'kuikapo clock yochita kumanga padera.

Yachiwiri ndi kusokoneza uthenga wa pakati pa kapitawo ndi nkhokwe. Nambala ya chipinda imayenda pamawaya angapo nthawi imodzi, ndipo waya aliyense ali ndi mtengo wake: woyamba 1, wachiwiri 2, wachitatu 4, wachinayi 8, kumawirikiza choncho. Waya wa mtengo wa 2 kapena 4 akalumikizidwa ndi mnzake, nkhokwe imabweza nambala ya chipinda choyandikana ndi cholondola, ndipo liwu limangokhakhala. Koma waya wa mtengo wa 4,096 akasokonezedwa, nkhokwe imalumpha zipinda 4,096, zomwe pa liwiro ngati la SK-1 ndi pafupifupi theka la sekondi. Zikatero mapeto a liwu amabwera poyamba, kapena chidutswa chimodzi chimangobwerezabwereza. Apa ndi pomwe pamachokera chibwibwi chimene makiyibodi osokonezedwa amadziwika nacho.

Yachitatu ndi kugwiritsa ntchito thupi la woimba. Khungu la munthu limadutsitsa magetsi pang'ono, ndipo limadutsitsa kwambiri likanyowa kapena likapanikizidwa. Mmisiri amakokera mawaya awiri ku timitu ta zitsulo ziwiri kunja kwa chivundikiro. Woimba akakhudza zonse ziwiri, thupi lake limalowa m'malo mwa resistor, ndipo liwu limakwera kapena kutsika malinga ndi mmene akupanikizira. Anthu awiri osiyana satulutsa liwu lofanana, ndipo ngakhale munthu mmodzi yemweyo amalisintha akatuluka thukuta.

Yachinayi ndi kuwala. Pali resistor imene imadutsitsa magetsi ambiri powala ndi ochepa mumdima. Ikaikidwa pamalo oyenera, woimba amasintha liwu pongoyendetsa dzanja pamwamba pake osakhudza kanthu. Ghazala adapanga chida chotere n'kuchitcha photon clarinet.

Yachisanu ndi kumana kiyibodi magetsi. Mmisiri amaika chopotokola pakati pa mabatire ndi bolodi, n'kumachepetsa magetsi pang'onopang'ono mpaka ma IC atayamba kulakwitsa masamu. Pamalire amenewo, pakati pa kuyaka ndi kuzima, kiyibodi imatulutsa zinthu zimene sizibwera kawiri.

Chipangizo chilichonse ndi khalidwe lake

SK-1 imakondedwa chifukwa woimba angathe kujambulamo liwu lake lomwe n'kuling'amba ndi maswichi. Makiyibodi ang'onoang'ono a Yamaha a mtundu wa PSS ali ndi khalidwe lina. Ena mwa iwo sasunga liwu lojambulidwa koma amalipanga pomwepo mwanjira yotchedwa FM, imene John Chowning adaitulukira ku Stanford University mu 1967 ndipo Yamaha idaitchukitsa ndi kiyibodi ya DX7 mu 1983. Mu PSS-470, mwachitsanzo, muli IC ya YM3812, yomwenso inkaimba m'makompyuta ambiri a nthawi imeneyo. Kapitawo amaitumizira malangizo a mmene iumbire liwu lililonse. Malangizowo akasokonezedwa panjira, IC imalandira muyeso wolakwika n'kuumba liwu limene mainjiniya a Yamaha sadaliike m'ndandanda, kaya la belu losweka kapena la mphepo yolira m'paipi.

Kunja kwa makiyibodi, chipangizo chodziwika kwambiri pa lusoli ndi Speak & Spell, choseweretsa chophunzitsa ana kalembedwe ka mawu a Chingerezi, chomwe kampani ya Texas Instruments idatulutsa mu 1978. Chidali chimodzi mwa zoseweretsa zoyambirira kuyankhula ndi liwu lopangidwa ndi IC. Chikasokonezedwa chimalumikiza zidutswa za mawu osiyana n'kumabwebweta chiyankhulo chimene kulibe. Ghazala adazitcha Incantor zimene iye adasokoneza.

Si kusintha konse kumene kumadalira mwayi. Amisiri ena amawerenga mapulani a bolodi n'kuwonjezera zinthu zodziwika bwino, monga bowo lotulutsira mawu kupita ku zokuzira zazikulu, kapena njira ya MIDI, yomwe idakhazikitsidwa mu 1983 kuti zida zamagetsi zizilamulana. Kiyibodi yambiri imene imafika pasiteji imakhala itaona zonse ziwiri, dzanja lotsata pulani ndi dzanja lofufuza mumdima.

Lamulo limene silipindika

Pa zonse zimene ophunzitsa lusoli amasiyana maganizo, pali chimodzi chimene amagwirizana: chipangizo chosokonezedwa chiziyendera mabatire okha. Mabatire asanu a SK-1 amatulutsa ma volt 7.5, ndipo munthu angathe kugwira bolodi lake ndi zala osamva kanthu. Magetsi a pakhoma m'Malawi, m'Zambia ndi ku Britain ndi ma volt 230. Munthu wogwira bolodi ndi manja onse awiri amapatsa magetsiwo njira yodutsa pachifuwa, ndipo ochepa chabe ndi okwanira kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Ngakhale adaputala yotsitsa magetsi saikhulupirira pofufuza, chifukwa ikawonongeka m'kati ingathe kudutsitsa magetsi a pakhoma mpaka pabolodi. Kiyibodi yokhala ndi zitsulo zogwira ndi zala siyenera kulumikizidwa kukhoma ngakhale itatsekedwa. Izi zikutanthauza kuti makiyibodi akuluakulu a m'matchalitchi ndi m'mabandi, amene amayendera magetsi a pakhoma, si malo ophunzirira. Mawailesi akanema akale aja a msana waukulu ndi makamera okhala ndi fulashi nawo ndi oopsa, chifukwa amasunga magetsi amphamvu ngakhale atazimitsidwa. Pankhani imeneyi, safunsa adadya phula.

Mtovu wowotcherera nawo ndi poizoni. Mabolodi akale adamatidwa ndi msanganizo wa mtovu umene mayiko a m'bungwe la European Union adauletsa m'zipangizo zambiri zatsopano kuyambira mu 2006. Wogwira ntchitoyi amayenera kukhala pamalo opita mphepo, kusadya ali pantchito ndi kusamba m'manja akamaliza.

Ngozi ina imagwera kiyibodi yeniyeniyo. Waya akalumikiza mwendo wa IC molunjika ku magetsi a batire, kapena akabweza magetsi a sipika kupita kwa kapitawo, IC imatha kupsa m'kuphethira kwa diso. Zizindikiro zake ndi kutentha, kuphulika kwa liwu m'sipika, kapena nyali kuzirala, ndipo mmisiri wanzeru amachotsa waya nthawi yomweyo. Ma IC ambiri a m'makiyibodi amenewa adapangidwira mtundu umodzi wa kiyibodi basi ndipo adaleka kupangidwa kalekale. Imodzi ikapsa, ina imapezeka pokhapokha pophwasula kiyibodi inzake.

Chifukwa chake atsopano sapindika

Wina angafunse chifukwa chimene amisiriwa sangogulira makiyibodi atsopano, omwe ndi ambiri ndiponso otchipa. Yankho lili m'kapangidwe. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kapitawo, nkhokwe ndi chopangira liwu kawirikawiri zinkakhala ma IC osiyana, ndipo uthenga wawo unkayenda pamisewu ya mkuwa yooneka ndi maso. Miyendo ya ma IC idali yotalikirana mokwanira kuti munthu wa dzanja wamba awotchererepo waya.

Pambuyo pake opanga adapeza njira yotchipa: kuunjika ntchito zonse mu IC imodzi, kuimata pabolodi ndi kuithira dontho la phula lakuda lolimba. Munthu akatsegula choseweretsa cha masiku ano amapeza dontho limenelo ndi mawaya ochepa opita ku mabatani ndi sipika. Kukambirana kwa kapitawo ndi nkhokwe kumachitikira pansi pa phulalo, kumene waya sangafike. Nthawi zina pamatsala resistor ya clock yokha, ndipo mmisiri amangotha kukweza ndi kutsitsa liwu. Choncho lusoli latsamira pa zipangizo za nyengo ya zaka pafupifupi 15, ndipo chiwerengero chake chikungotsika pamene zina zikudyedwa ndi madzi a mabatire oiwalika, zina zikutayidwa, zina zikupsa pofufuzidwa.

Kusunga kapena kuboola

Apa ndi pamene okonda makiyibodi akale amagawanika. Osunga amati zida zimenezi ndi mbiri ya nyimbo, ndipo ali ndi umboni wolemera. Mu 1981 Casio idatulutsa kiyibodi yapakhomo ya MT-40, yokhala ndi kayimbidwe ka besi ndi ng'oma kokonzeratu kamene kadalembedwa kuti rock. Adakapeka ndi Hiroko Okuda, mtsikana amene adali atangoyamba ntchito pakampaniyo atamaliza maphunziro a nyimbo, ndipo ankakonda reggae. Kiyibodi imodzi yotere idafika ku Kingston, Jamaica, m'manja mwa Noel Davey ndi Wayne Smith, amene adapita nako kayimbidweko kwa King Jammy. Nyimbo ya Under Mi Sleng Teng idatuluka mu 1985, idatsegula nyengo ya reggae yoimbidwa ndi makina, ndipo kayimbidwe kake kagwiritsidwa ntchito m'nyimbo mazanamazana. Osunga amati MT-40 yobooledwa ndi kupentedwa sithanso kuuza mwana wa mawa mmene nyimbo imeneyo idayambira.

Osokoneza amayankha kuti makiyibodi ambiri amene amafika kwa iwo amakhala ali paulendo wa kudzala, makiyi atathyoka ndi mosungira mabatire mutachita dzimbiri. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024, lochokera ku mabungwe a United Nations, lidapeza kuti mu 2022 dziko lonse lidataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo 22.3 peresenti yokha ndiyo idalembedwa kuti idasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Lusoli silingachepetse phiri limenelo, koma kiyibodi imene ikulira pasiteji, ngakhale ndi mabowo 20, siili m'phirimo. Amanenanso kuti nkhani ya MT-40 ikuikira kumbuyo iwo, popeza kiyibodiyo idalowa m'mbiri chifukwa idagwiritsidwa ntchito mwanjira imene wolemba dzina la rock pabatani sadaiganizire.

Maganizo akuti chilema cha chipangizo chingathe kukhala kukoma kwake si a ku America ndi ku Ulaya kokha. Ku Kinshasa, Mingiedi Mawangu, amene adayambitsa gulu la Konono N°1 m'zaka za m'ma 1960, ankafuna kuti likembe, chida chonga kalimba, lizimveka pakati pa phokoso la mumzinda. Adadzipangira zotolera mawu ndi maginito ochokera ku zitsulo za magalimoto akutha n'kuzilumikiza ku zokuzira mawu. Liwu lidatuluka long'ambika, ndipo kung'ambikako n'kumene kudakopa dziko pamene chimbale cha Congotronics chidatuluka mu 2004. Mingiedi sankasokoneza makiyibodi, koma monga Ghazala adamva chinthu chimene wina akadachitcha kuwonongeka n'kusankha kuchisunga.

M'chaka chomwecho cha 2004 ku New York kudayamba chikondwerero cha Bent Festival, chosonkhanitsa osokoneza zipangizo kuti aimbe ndi kuphunzitsana. Ku Birmingham, m'dziko la England, gulu la Modified Toy Orchestra lotsogozedwa ndi Brian Duffy lidadziwika poimba ndi zoseweretsa zosokonezedwa zokhazokha. Kutchuka kumeneku kudabwera ndi mtengo wake, chifukwa makiyibodi amene kale ankagulidwa motchipa m'misika ya kaunjika adayamba kulimbiranidwa pa intaneti, ndipo wophunzira amene akuyamba lero amaganiza kawiri asanakhudze SK-1 ndi waya.

Pakati pa magulu awiriwa pakula mwambo umene amisiri osamala amautsata. Amayambira pa zoseweretsa zotchipa zimene zikadali zambiri, ndipo kiyibodi yosowa amaikhudza dzanja litazolowera. Amasankha yothyoka kale m'malo mwa yabwinobwino. Sadula misewu ya mkuwa pabolodi pokhapokha palibe njira ina, kuti maswichi onse akazimitsidwa kiyibodi izilira monga momwe Casio kapena Yamaha adaipangira. Ena saboola n'komwe chivundikiro, amangotulutsa mawaya onse pabowo limodzi kupita ku kabokosi kapadera. Amajambulanso bolodi, kulemba malo amene adapereka liwu ndi malo amene adapha IC, n'kugawira anzawo. Ndandanda yachiwiriyo ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa malo alionse oopsa amene alembedwa amapulumutsa kiyibodi ya munthu wina amene adzatsegule mtundu womwewo mawa.